Atabu ndi Mipata Inayi

Desiki ya Atabu inali pakona, kuseri kwa kabati ya mafailo akale. Ankakhala msana kukhoma, nkhope kuchitseko, moti munthu akalowa ankangoona kumbuyo kwa kompyuta ndi dazi likusuzumira pamwamba pake. Anzawo ankati anasankha malowo kuti aziona bwino amene wachedwa. Iwo sankatsutsa.

Kampaniyo inali chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa sitolo ya matayala. Fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi antchito, ndipo masana mawindo ankanjenjemera amakanika akamamasula mabawuti pansi. Ntchito yawo inali pulogalamu ya masukulu. Mphunzitsi akaitana mayina m'mawa ankadina pa foni yake, ndipo kholo la mwana aliyense amene sanafike linkalandira uthenga. Mbali yaikulu ya pulogalamuyo inatuluka m'zala za Atabu, kale kampani isanakhale n'komwe ndi mipando yokwanira.

Iwo sanayambire pa kompyuta. Bambo awo atamwalira anasiya sukulu, n'kulembedwa pa kasitolo kotaipa makalata pafupi ndi pokwerera basi. Mwini kasitoloko anali mayi wosasiyana ndi rula. Akakupeza ukukankha mzere ndi batani la mpata, uku ukuwerenga ndi milomo, rula inkagwera pa zala. Ankati mpata ndi wolekanitsa mawu basi. Wofuna kuyambira mzere mkati adine tabu, batani la kumanzere lija lomwe limalumphitsa kamodzi n'kamodzi. Makina otaipira atayamba kutha, Atabu analowa sukulu ya madzulo n'kuphunzira kulemba mapulogalamu. Koma kachala kawo ka kumanzere kanapita nawo chomwecho, katazolowera batani lake.

Pulogalamu ndi mizere ya malamulo opatsa kompyuta, ndipo olemba ake amaitcha khodi. M'chilankhulo chimene ankalembera pakampanipo, malo amene mzere wayambira ndi nkhani yaikulu. Mzere ukalowa mkati pang'ono ndiye kuti uli pansi pa wapamwamba pake, ngati mwana m'nyumba ya bambo ake: suchita kanthu wapamwambawo usanalole. Ukatuluka kunja, wadziimira pawokha. Pokankhira mzere mkati, ena amaika tabu imodzi, ena mipata inayi. Kompyuta imamva zonse ziwiri bola osasakaniza. Anthu ndiwo samvana.

Onse amene analembedwa pambuyo pa Atabu anali a mipata, ndipo wapakamwa kwambiri mwa iwo anali Wachipewa, bambo wa mwana mmodzi amene ankalowa ndi nthabwala n'kutulukanso ndi nthabwala. Iye ankati mafailo a kampaniyo ali ngati banja la mitala: khomo ili lamulo lake, khomo ilo lamulo lake. Munthu akakopera mizere kuchoka m'failo ya mipata kupita m'failo ya matabu, pulogalamu inkakana kuyenda, ndipo tsiku linkatha akusaka chinthu chosaoneka. Dandaulo limeneli linali loona, Atabu ankadziwa. Koma mkanganowo unali utakalamba mpaka kusanduka macheza a pa tiyi. Ankawafunsa ngati m'mano mwa ana awo muli mipata kapena matabu. Kale ankayankha, ndipo ankayankha moti wofunsayo n'kusowa pothawira. M'zaka zaposachedwa ankangomwetulira, n'kupitiriza kutakasa tiyi wopanda shuga.

Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete, ndipo atakhazikika anapita kumaso. Poyamba tinali timadontho takuda toyandama, ngati tizilombo m'kapu ya madzi. Kenako pakati pa chilichonse chimene ayang'ana panayamba kuchita mbuu. Dokotala wa maso, uku akusamba m'manja, anawauza kuti zimene zapita sizibwerera, zotsalazo azisunga mmene angathere. Atabu anathokoza, n'kufunsa ngati basi imaima pageti la chipatala kapena kutsidya kwa msewu. Akazi awo ndiwo analira, m'basimo, atatembenukira kuwindo.

Kunyumba zinthu zinasintha popanda wozitchula. Akazi awo anayamba kuwerenga mapepala a mankhwala mokweza, ngati akudziwerengera okha. Mzime wawo, mtsikana wa kupulayimale, analeka kutaya nsapato pakhomo, ndipo m'mawa popita kusukulu ankagwira mkono wa malaya a bambo ake ngati iyeyo ndiye akuopa magalimoto. Akazi awo ankati akawauze abwana. Iwo ankati mwana amalize kaye sukulu. Ndani angasunge wolemba khodi wosaona khodi? Ankanena zimenezi mopanda mantha, ngati akunena za mvula imene yagwa kudziko lina.

Kuntchito anakulitsa zilembo mpaka mawu ochepa chabe kudzaza sikirini yonse, ndipo ndi pamene anatembenuza desiki. Anakonzanso kuti tabu iliyonse izioneka ngati kamuvi kachikasu kowala. Timivi tiwiri, mzere uli pakhomo lachiwiri, titatu, lachitatu. Ubwino wa tabu ndi woti ndi chizindikiro chimodzi, ndipo aliyense amaipatsa kukula kumene akufuna pa kompyuta yake. Iwo anaichepetsa kuti mizere isathawire kunja kwa sikirini. Ndi timivi timeneto ankagwirabe ntchito, pang'onopang'ono koma osaphonya. Anzawo ankati madala ndi osamala.

Abwana a kampaniyo anali mayi wamng'ono kwa iwo, amene Atabu anamuphunzitsa okha ntchito atangochoka kumene kukoleji. Tsiku lina m'mawa Abwana anaitana onse, n'kunena kuti masukulu akuchuluka, antchito atsopano akubwera, ndiye kalembedwe kakhale kamodzi m'mafailo onse. Anavota ndi manja. Mipata inayi inapambana, Wachipewa atakweza manja onse awiri ndi mwendo. Kenako Abwana anayang'ana kukona n'kufunsa ngati Atabu ali ndi mawu.

Mawu analipo, ali pakhosi pomwe. Anawamva akukwera, anawamvanso akutsika.

"Pamene anthu agwirizana, ine ndine yani," anatero.

"Madala agonja," anatero Wachipewa. "Wina ayang'ane panja, mwina kukugwa matalala."

Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja. Mayi wina wa pa desiki ya pawindo anabwera kudzawagwira dzanja ngati pamaliro.

Masana omwewo Wachipewa anayendetsa kapulogalamu kosesa mafailo onse, ndipo tabu iliyonse inasanduka mipata inayi. Anaikanso kena, kamene anakatcha Mlonda, kokana khodi iliyonse yobwera ndi tabu. Atabu atabwerako kokamwa mankhwala anatsegula failo imene anailemba okha kalekale. Timivi tonse tinali titapita. M'malo mwake munali timadontho totuwa toimira mipata, tondondozana ngati nyerere pakhoma. Anasendera pafupi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Tisanu ndi titatu kapena khumi ndi tiwiri, sanathe kusiyanitsa. Mizere ya mkati kwambiri inkayambira kumapeto kwa sikirini n'kuthyokera pansi, mutu uku, mchira uko.

Anakhala choncho mpaka anthu anayamba kuzimitsa makompyuta. Sanakwiye. Anafufuza mumtima mwawo ngati munthu wofufuza m'thumba, koma munali zii.

M'masabata otsatira anapeza njira yawoyawo. Ankatenga khadi la kuchipatala n'kuliimika pagalasi, m'mphepete mwake mukhale ngati chingwe cha mmisiri, kuti aone mizere imene yayambira pamodzi. Munthu akamayandikira, khadilo linkalowa pansi pa kiibodi. Njira zozembera Mlonda zinalipo, ndipo munthu wa maso akanazipeza m'mawa umodzi. Koma kuti azipeze anafunika kuwerenga masamba ataliatali a malangizo, ndiye ankati mawa. Kukacha ankatinso mawa. Ntchito ya tsiku limodzi inayamba kuwatengera sabata, ndipo Wachipewa ankati madala akunyanyala mwaulemu.

Ntchito imene inawagwetsa inali yaing'ono. Sukulu ina inapempha kuti mwana amene wapempha chilolezo asamatumiziridwe uthenga. Panali mzere wofunsa ngati mwana sanabwere, ndipo pansi pake, mkati, mzere wotumiza uthenga. Atabu anawonjezera funso la chilolezo, anasuntha mizere, anafufuta apa, anabwezera apo. Penapake chala chinadina kufufuta mopitirira. Mzere wotumiza uthenga unatuluka m'nyumba ya mafunso aja n'kuima pawokha. Anaimika khadi lawo, ndipo m'maso mwawo zonse zinaoneka zowongoka.

Mlonda analola, chifukwa mipata inali m'magulu a inayiinayi monga mwa lamulo. Iye amaona ukhondo, saona tanthauzo. Mwambo wa pakampanipo unali woti ntchito ya munthu aiwerengenso mnzake isanapite kumasukulu, ndipo tsikulo wowerenga anali Wachipewa. Anavomereza uku akumeza tiyi. Za madala sitiwerenga, ankatero kawirikawiri, timangodalitsa.

M'mawa mwake, masukulu atangoyamba, foni ya Atabu inanjenjemera m'thumba. Anaisiya, popeza mzime wawo ndiye ankawawerengera mauthenga madzulo. Kenako inalira. Anali akazi awo, akupuma mwabefu.

"Abambo, mwana mwamusiya pati?"

"Pageti. Ndamusiya ndekha."

"Nanga uthengawu? Akuti sanafike."

Akazi awo ali chilankhulire, foni ya muofesi inayamba kulira. Kenako ya Abwana. Kenako ya mayi wa pawindo uja, amene anali ndi ana awiri pasukulu ina. Atabu anayang'ana sikirini yawo, ndipo anadziwa munthu aliyense asanadziwe.

"Mwana ali m'kalasi, Amayi. Bwererani."

"Ndibwerere bwanji? Ndili kale pamsewu, ndavala nsapato zosiyana."

"Ali m'kalasi. Ndi ine ndalakwitsa."

Uthenga unali utapita kwa kholo la mwana aliyense, wobwera ndi wosabwera yemwe, m'masukulu onse. Zimene zinachitika kumeneko Atabu anazimva m'zidutswa, kuchokera m'mafoni a anzawo. Makolo anadzaza mageti. Dalaivala wina anasiya basi ndi anthu ake pamsewu. Mayi wina anakomoka pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mwana wake ali pawindo akumuyang'ana. Mphunzitsi wamkulu wina anakalipa mpaka Abwana anaika foni patebulo, mawu akumvekabe chipinda chonse. Wachipewa anaupeza mzerewo mwamsanga, anaubwezera mkati, natumiza uthenga wopepesa. Nthabwala tsiku limenelo zinamuthera.

Atabu sanadzuke pampando. Palibe amene anabwera kukona. Pansi, amakanika ankamasula mabawuti awo monga mwa masiku onse.

Chakumasana Abwana anawaitanira kukakhitchini ka tiyi, n'kutseka chitseko. Anaika laputopu yawo pambali pa makapu osatsuka. Analankhula motsitsa mawu, mwaulemu wa munthu amene amakumbukira amene anamuphunzitsa. Anati afunika kuyankha kwa eni masukulu, ndipo asanayankhe akufuna amve kuchokera kwa iwo eni chimene chachitika.

"Mzere wotumiza uthenga unatuluka kunja," anatero Atabu.

"Apa ilipo iwiri yofanana, Bambo. Munasuntha uti?"

Atabu anayang'ana. Anaona kuwala kwa makona anayi, ndi utsi wotuwa pakati pake. Akanatha kunena kuti wachiwiri, ndipo zikanakhala zoona. Koma chala chinali chitanyamuka kale. Chinapita pagalasi n'kuima.

Abwana anayang'ana pamene panali chalacho. Pampopi pankadontha madzi.

"Pamenepo ndi pa mayina a mafailo, Bambo."

Atabu anachotsa chala n'kuchipukuta pathalauza.

"Kuyambira liti?"

"Papita nthawi."

"Ndiye matabu aja..."

"Ee."

Abwana anafunsa chifukwa chake sananene tsiku la voti lija, pamene anawafunsa pamaso pa anthu onse. Atabu anaganiza moona mtima, n'kuyankha kuti sakudziwa. Abwana anatsuka kapu imodzi, imene sinali yawo n'komwe, anaipukuta, anaitsukanso. Kenako anati lamulo la mipata silisintha, chifukwa anthu ambiri sangabwerere m'mbuyo. Atabu anagwedeza mutu. Anati apite kunyumba akapume, za mawa akambirana mawa. Atabu anagwedezanso mutu. Iwonso anauzapo anthu mawu otero, ndipo ankadziwa kumene amathera.

Sanazolowere kufika kunyumba dzuwa lili pamutu. Nyumba ya masana inali ina: wailesi ya anansi, zovala zikudontha pachingwe, mpando wawo uli ndi beseni la nyemba zosasankha. Akazi awo anachotsa beseni osafunsa kanthu. Mzime atabwera anafotokoza mosangalala kuti lero sanaphunzire masamu, chifukwa aphunzitsi anawauza onse aime pamawindo azikweza manja kuti makolo awaone, ndipo amayi a mnzake wina anakumbatira mwana wawoyo kenako n'kumumenya khofi. Anaseka yekha. Ataona kuti akulu sakuseka anapita kukavula yunifolomu.

"Adziwa?" anafunsa akazi awo.

"Adziwa."

"Basi. Katundu ameneyo mwatula."

Atabu anayesa kumva ngati atuladi. Sanamve kulemera, sanamvenso kupepuka.

M'mawa anatenga chikwama chopanda kanthu, choti adzaikemo kapu yawo, katsamiro ka pampando ndi juzi imene inkakhala m'kabati. Anaperekeza mwana mpaka pageti. Pamenepo panali makolo angapo amene anabwera okha ndi ana awo, akukambirana za dzulo, ndipo bambo wina ankati wopanga zimenezo akanamupeza akanamuphunzitsa sukulu ina. Atabu anamupatsa moni n'kudutsa.

Atakwera masitepe anapeza munthu atakhala pa desiki yawo, kuseri kwa kompyuta, malo amene panalibe anakhalapo. Anamuzindikira ndi chipewa.

"Madala," anatero Wachipewa, osadzuka, "zilembo zanuzi munthu atha kuziwerenga ali m'basi."

Palibe anaseka, ndipo iyenso sanayembekezere kuti aseke. Anati Abwana anamuuza za maso aja, iye yekha, popeza mlanduwo unali wake theka: akanawerenga, makolo sakanathamanga. Anati wakonza kuti failo ikamatseguka pa kompyuta imeneyi mipata izisanduka matabu, ikamatuluka izibwereranso kukhala mipata, Mlonda osadziwa kanthu. Atabu anafunsa kuti zamutengera nthawi yaitali bwanji. Wachipewa anayang'ana pansi n'kuti madzi a tiyi anali asanawire.

Anadzuka, Atabu n'kukhala. Timivi tinalipo. Koma m'masabata aja maso sanadikire. Pamene kale ankaona timivi titatu, tsopano panali kachikasu kamodzi kopakika, ngati dzira losweka pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena, chifukwa panalibenso chobisa, kuti sakutha kutiwerenga.

Abwana anali ataima pafupi ndi kabati. Anati anaganiza kuti zitha kutero, ndipo anaika patebulo mahedifoni akuda, chingwe chake chikadali chomangidwa ndi kawaya ka kusitolo. Anafotokoza kuti pali pulogalamu yowerengera munthu zimene zili pa sikirini, mzere ndi mzere, ndi mipata yomwe. Anati awapatsa mpaka masukulu atatsekera kuti aizolowere. Pa nthawi yonseyo palibe mzere wawo umene udzapite kumasukulu anthu awiri asanauwerenge. Masukulu akatsekera adzakhala pansi n'kuona. Sanalonjeze china, ndipo Atabu anawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

"Mwamva, Bambo?"

"Ndamva, Abwana."

Anakankhira chikwama chija pansi pa desiki ndi phazi. Wachipewa anawathandiza kuvala mahedifoni, anawawongolera pa dazi, n'kudina batani. Phokoso la ofesi linapita kutali. M'makutu munalowa mawu a mkazi wosapuma, wosakweza, wosatsitsa, akuthamanga ngati akuwerenga chilengezo chimene sichikumukhudza. Atabu sanagwirepo liwu ndi limodzi lomwe.

"Muuze achepetse liwiro," anatero.

Wachipewa anachepetsa. Anachepetsanso. Kenako anabwerera ku desiki yake, ndipo anthu anayamba kutaipa.

Atabu anatseka maso, popeza analibe nawo ntchito pa nthawiyo. Anadina batani lotsika. Mkazi uja anati matabu awiri, n'kuwerenga funso lofunsa ngati mwana sanabwere. Anadinanso. Anati matabu atatu, n'kuwerenga funso la chilolezo. Liwu lina linawadutsa, ndiye anakwera mzere umodzi kuti amvenso. Mkaziyo anabwereza chimodzimodzi, osatopa, osadabwa. Atabu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutsikira pa mzere wotsatira.